William Taft: mtsogoleri amene tulo tinkamugwira anthu akuona

Mukamva munthu akuliza mkonono mpaka a nyumba yoyandikana nayo kumva, mumaganiza chiyani? Ambiri timangoseka n'kunena kuti mnzathuyo watopa ndipo ali m'tulo tofa nato. Mukaona bambo wonenepa akuwodzera pamsonkhano wa makolo kusukulu, kapena m'tchalitchi ulaliki usanafike n'pakati pomwe, mumati ndi ulesi kapena wakhuta. Umu ndi momwenso anthu a ku America ankamuonera William Howard Taft, mtsogoleri wa nambala 27 wa dziko lawo. Adamuseka zaka zambiri chifukwa cha thupi lake ndi tulo take. Koma madokotala a masiku ano, atawerenga makalata ndi zolemba za anthu omwe ankakhala naye pafupi, akuona kuti mkuluyu ankadwala matenda obanika kutulo, omwe pa Chingerezi amati sleep apnea. Mbiri yake ingakuthandizeni kuzindikira matendawa m'nyumba mwanu kapena m'mudzi momwe mumagwira ntchito zaumoyo.

Mwana wa ku Cincinnati

Taft adabadwa pa 15 Seputembala 1857 mumzinda wa Cincinnati, m'chigawo cha Ohio. Bambo ake, Alphonso Taft, adali loya ndi woweruza milandu, ndipo adakhalapo nduna m'boma la Pulezidenti Ulysses Grant. Mnyamatayo adakula wathupi, wanthabwala ndi wokonda sukulu. Mu 1878 adamaliza maphunziro ake pa yunivesite ya Yale ali wachiwiri m'kalasi, ndipo pa nthawiyo n'kuti akulemera kale makilogalamu oposa 100. Adabwerera kwawo kukaphunzira zamalamulo, ndipo mu 1886 adakwatira Helen Herron, yemwe anthu ankamutcha Nellie.

Mtima wa Taft udali pa ntchito ya uweruzi. Adakhala woweruza ku Ohio mu 1887 asanakwanitse zaka 30, ndipo mu 1892 adakwezedwa kukhala woweruza m'khoti la apilo la boma. Chimene ankachilakalaka koposa chidali mpando wa m'khoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Mkazi wake, komanso abale ake, ankafuna kuti adzakhale mtsogoleri wa dziko.

Mu 1900 Pulezidenti William McKinley adamutumiza kuzilumba za Philippines, zomwe dziko la America lidali litangolanda kwa Spain, ndipo chaka chotsatira adakhala bwanamkubwa wa zilumbazo. Mu 1904 Pulezidenti Theodore Roosevelt, yemwe adali mnzake wapamtima, adamuitanitsa kuti adzakhale nduna yoona zankhondo. Ntchito idamuchulukira, kuphatikizapo kuyang'anira kukumba kwa ngalande ya Panama. M'zaka zimenezi thupi lake lidapitiriza kukula, ndipo kuwodzera masana kudayamba kuonekera poyera.

Musaganize kuti Taft adangokhala manja lende. Mu 1905, akulemera makilogalamu pafupifupi 142, adalembera kalata dokotala wa ku London, Nathaniel Yorke-Davies, kupempha thandizo. Dokotalayo adamulembera ndondomeko ya kadyedwe: nyama yopanda mafuta, nsomba, ndiwo zamasamba zosathira batala, ndi kuchepetsa kwambiri shuga. Adamuuzanso kuti azidziyeza pasikelo tsiku ndi tsiku n'kumamutumizira zotsatira. Pofika mu Epulo 1906 Taft adali atataya makilogalamu pafupifupi 27. Koma maulendo, maphwando a boma ndi nkhawa za ndale zidamubwezera m'mbuyo, thupi lonse lija n'kubwerera. Ngati mudayesapo kuchepetsa thupi, mukudziwa kuti kutaya n'kosavuta poyerekeza ndi kusunga.

Zaka zinayi za ku White House

Taft adapambana chisankho cha 1908 ndipo adalowa m'nyumba ya boma ya White House pa 4 Malichi 1909. Chakumapeto kwa ulamuliro wake ankalemera makilogalamu pafupifupi 154, pomwe kutalika kwake kudali mita imodzi ndi masentimita 82 kapena kucheperako pang'ono. Mpaka lero palibe mtsogoleri wa dzikolo amene adalemerapo kuposa iye. Nthano yotchuka yoti adakanirira m'bafa ilibe umboni uliwonse, koma imakuonetsani momwe anthu ankamunyodolera.

Za tulo take ndiye umboni ulipo wochuluka. Msilikali yemwe ankamuperekeza kulikonse, Archibald Butt, ankalembera achibale ake makalata ofotokoza za tsiku ndi tsiku. Makalatawo, pamodzi ndi zolemba za anthu ena, amasonyeza kuti Taft ankagona m'tchalitchi, pamaliro, kumalo oonera zisudzo, m'galimoto, posewera makadi, ngakhalenso pakati pa zokambirana ndi akuluakulu a boma. Mlendo ankatha kuyamba kufotokoza nkhani yofunika, n'kungoona mutu wa pulezidenti wagwera pachifuwa. Ankalizanso mkonono wamphamvu. Mkazi wake ndiye ankamugwedeza mwachinsinsi akayamba kuwodzera pagulu, koma mu Meyi 1909 mayiyo adadwala sitiroko ndipo kwa nthawi yaitali sankatha kuyankhula bwino.

Ngakhale zidali choncho, boma lake lidagwira ntchito zooneka. Lidatengera kukhoti makampani akuluakulu ambiri omwe ankaphangira malonda, ndipo mu 1912 Taft adasayinira lamulo lokhazikitsa nthambi ya boma yoona za umoyo ndi ufulu wa ana. Koma pa ndale ankapunthwa kawirikawiri. Ankachedwa kupanga ziganizo, ankazengereza kulemba zokayankhula mpaka nthawi itatha, ndipo nthawi zina ankayankhula mawu omwe adani ake ankamukola nawo. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Anthu ankati ndi waulesi, osadziwa kuti munthuyu mwina ankatha zaka asanagonepo tulo tokwanira usiku ndi umodzi womwe.

Chimachitika n'chiyani usiku?

Kuti mumvetse za Taft, ganizirani njira imene mpweya umadutsa kuchoka m'mphuno kupita kumapapo. Kumbuyo kwa lilime, njirayi ilibe fupa loichirikiza. Ndi mnofu wofewa, ngati paipi ya labala, ndipo imakhala yotseguka chifukwa minofu ya pakhosi imaikoka. Munthu akagona, minofuyo imamasuka. Kwa anthu ambiri njira imangochepa pang'ono. Koma ngati khosi lili ndi mafuta ambiri, lilime ndi lalikulu, chibwano ndi chaching'ono kapena cholowa m'kati, njirayo imapanikizika. Mpweya ukamadutsa mothinana, minofu yofewayo imanjenjemera, ndipo phokoso lake ndiye mkonono uja.

Njira ikatsekekeratu, mkonono umasiya mwadzidzidzi. Chifuwa ndi mimba zimapitiriza kukoka, koma mpweya sulowa. Okosijeni amayamba kutsika m'magazi. Ubongo ukazindikira ngoziyo umamudzidzimutsa munthuyo, minofu imalimbanso, ndipo amakoka mpweya mwaphokoso ngati wotsamwa, kenako n'kugonanso. Kudzidzimukako kumakhala kwa kanthawi kochepa kwambiri moti kukacha mwiniwake sakumbukira kanthu. Amangodabwa kuti wagona usiku wonse koma wadzuka wotopa, mutu ukuwawa, kukhosi kuli gwa.

Achipatala amawerenga kubanika kulikonse kumene kwatenga masekondi 10 kapena kuposerapo. Munthu wamkulu akamabanika kapena kupuma moperewera ka 5 mpaka ka 14 pa ola, matendawo ndi ocheperako. Kuyambira ka 15 mpaka ka 29 ndi apakati, ndipo ka 30 kapena kuposa apo ndi aakulu. Tawerengani nokha: munthu wobanika ka 30 pa ola, akagona maola 8, wadzidzimuka ka 240 usiku umodzi. Ndani angakhale maso pamsonkhano atagona motero?

Vuto silithera pa kuwodzera. Nthawi iliyonse imene munthu wabanika, thupi limachita ngati lakumana ndi chilombo: mtima umathamanga ndipo BP imakwera. Izi zikamachitika usiku uliwonse kwa zaka, BP imayamba kukhala yokwera ngakhale masana, ndipo kawirikawiri simvera mankhwala msanga. Chiopsezo cha sitiroko, kugunda kosalongosoka kwa mtima ndi matenda a shuga chimakula. Munthu amaiwalaiwala, sachedwa kupsa mtima, amadzuka pafupipafupi kukataya madzi, ndipo chilakolako cha m'banja chimachepa. Akakhala dalaivala, moyo wa onse omwe wawanyamula uli pangozi. Kusagona bwino kumawonjezeranso njala, choncho kunenepa ndi kubanika zimakokana ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi.

Palinso mtundu wina wosowa, pomwe njira ya mpweya imakhala yotseguka koma ubongo umaleka kwa kanthawi kulamula thupi kuti lipume. Umenewu umapezeka kwambiri mwa anthu ofooka mtima, odwala sitiroko ndi omwe akumwa mankhwala amphamvu opha ululu a gulu la morphine. Zizindikiro za Taft zimaloza ku mtundu woyamba uja, wa kutsekeka kwa njira.

Matenda opanda dzina

Madokotala a Taft sakadatha kumupeza ndi matendawa chifukwa pa nthawiyo adalibe dzina. Mlembi wa ku England, Charles Dickens, adali atalembapo kale m'buku lake la The Pickwick Papers, m'zaka za m'ma 1830, za mnyamata wonenepa dzina lake Joe yemwe ankagona paliponse, koma owerenga ankangoseka. Mu 1956 madokotala a ku America adabwereka dzina la bukulo pofotokoza odwala onenepa ogonagona. Mu 1965 akatswiri a ku France ndi ku Germany adalumikiza makina kwa odwala otere ali m'tulo, ndipo adaona kuti kupuma kumaima mobwerezabwereza. M'zaka za m'ma 1970 Christian Guilleminault ndi anzake pa yunivesite ya Stanford adafotokoza matendawa mwatsatanetsatane, mwa akulu ndi mwa ana omwe. Ndipo mu 2003 dokotala wa mtima John Sotos adasonkhanitsa umboni wonse wokhudza Taft n'kuusindikiza m'magazini ya zachipatala yotchedwa Chest.

Si matenda a anthu ochepa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 adayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka za pakati pa 30 ndi 69 padziko lonse ali nawo, ndipo ambiri sadziwa. Amuna ndiwo amagwidwa kwambiri, koma amayi akasiya kusamba chiopsezo chawo chimakwera. Munthu wochepa thupi naye angathe kukhala nawo ngati chibwano kapena kukhosi kwake kudapangika mopanikiza.

Kugonja kumene kudamupulumutsa

Chaka cha 1912 chidali chowawa kwa Taft. Mu Epulo, Archibald Butt adamira ndi sitima ya Titanic. Mnzake wakale Roosevelt adamuukira n'kuima payekha pachisankho, chipani chawo n'kugawikana. Woodrow Wilson adapambana, ndipo Taft adangopata zigawo ziwiri zokha, Utah ndi Vermont.

Atachoka pampando mu Malichi 1913 adapita kukaphunzitsa zamalamulo ku Yale. Kumeneko, mothandizidwa ndi dokotala George Blumer, adayambanso kusamala kadyedwe, ndipo m'chaka chimodzi adataya makilogalamu pafupifupi 30. Ulendo uno thupi silidabwererenso pomwe lidali. Apa ndi pamene pali umboni waukulu wa matenda ake: thupi litatsika, kuwodzera kuja kudatha. Munthu yemwe ankagona nduna zikuyankhula adayamba kuphunzitsa, kulemba ndi kuyenda m'dziko lonse akukamba nkhani pamisonkhano.

Mu 1921 Pulezidenti Warren Harding adamusankha kukhala mkulu wa oweruza onse m'khoti lalikulu la America, ntchito imene adailakalaka moyo wake wonse. Mpaka lero ndi iye yekha amene adakhalapo pamipando iwiriyi. Ankadzuka m'mamawa kuyamba ntchito, ndipo kawirikawiri ankayenda wapansi makilomita pafupifupi 5 kuchoka kunyumba kupita kukhoti. Adalimbikira lamulo la 1925 lomwe lidapatsa khotilo ufulu wosankha milandu yoti limve, ndipo adamenyera nkhondo kuti khotilo likhale ndi nyumba yakeyake. Amene ankamutcha waulesi adasowa chonena.

Akadakhala lero

Taft akadafika kuchipatala lero, dokotala akadayamba ndi kufunsa mkazi wake, chifukwa wogona naye chipinda chimodzi ndiye amaona zimene wodwala saziona. Akadamuyeza BP, kulemera ndi kukula kwa khosi, pakuti khosi loposa masentimita 43 kwa mwamuna kapena 41 kwa mayi ndi chenjezo. Kenako akadamuyeza ali m'tulo, ndi zipangizo zolemba kapumidwe, kugunda kwa mtima ndi kuchuluka kwa okosijeni m'magazi usiku wonse.

Chithandizo chodalirika kwambiri ndi makina otchedwa CPAP, omwe Colin Sullivan wa ku Sydney, m'dziko la Australia, adawafotokoza koyamba mu 1981. Asanabwere makinawa, odwala kwambiri ankawaboola pakhosi kuti mpweya uzilambalala potsekeka paja. CPAP imapopa mpweya wamba pang'onopang'ono kudzera m'chovala cha pamphuno, ndipo mphamvu ya mpweyawo imagwira njira ija kuti isafwafwanike. Amene mudalowapo m'chipinda cha ana obadwa masiku osakwana mwina mudaonapo makina a Pumani, omwe adapangidwa mogwirizana ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Nzeru yake ndi yomweyo, ngakhale matenda ndi osiyana. CPAP sichiza kotheratu, imagwira ntchito usiku umene mwaivala, ndipo imafuna magetsi. Ambiri amavutika nayo masabata oyamba, koma akazolowera amaona kusintha msanga.

Kwa amene matenda awo si aakulu, dokotala wa mano angapange kachipangizo kovala m'kamwa usiku, kokankhira chibwano kutsogolo pang'ono. Ena amathandizidwa ndi opaleshoni ya m'mphuno kapena kukhosi. Mu Disembala 2024 boma la America lidavomereza mankhwala obaya ochepetsa thupi otchedwa tirzepatide kwa anthu onenepa omwe ali ndi matendawa, koma ndi okwera mtengo kwambiri.

Zimene zidathandiza Taft sizifuna magetsi. Kafukufuku wa ku Wisconsin adapeza kuti munthu akataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kubanika kumachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kwa munthu wa makilogalamu 100, apa tikunena makilogalamu 10. Kuyenda wapansi tsiku lililonse kumathandiza. Kugonera m'mbali m'malo mogona chagada kumaletsa lilime kugwera kumbuyo. Mowa wa madzulo ndi mapiritsi ogonetsa zimafooketsa minofu ya pakhosi, choncho munthu wotere akadandaula za tulo, kumugulira mankhwala ogonetsa n'kuthira palafini pamoto. Fodya naye amatupitsa njira ya mpweya.

Musaiwale ana

Makolo, dziwani kuti mwana sayenera kuliza mkonono usiku uliwonse. Akatero ali ndi chimfine, zimatha. Koma ngati zikupitirira alibe chimfine, yang'anitsitsani. Mwa ana, makamaka a zaka 2 mpaka 8, gwero lake kawirikawiri ndi kukula kwa matonsilo ndi tinyama tina ta kuseri kwa mphuno totchedwa adenoids. Mwana wotere amapumira m'kamwa, amagona mosakhazikika khosi atalipindira kumbuyo, amatuluka thukuta usiku, ndipo angayambirenso kukodza pogona. Masana sawodzera ngati Taft. Ambiri amasanduka osakhazikika, ovuta ndi osamvetsera m'kalasi, ndipo ena sakula bwino. Ana onenepa kwambiri, a matenda a sickle cell ndi a Down syndrome ali pachiopsezo chachikulu. Opaleshoni yochotsa tinyama timeneti, yochitidwa kuchipatala, imathandiza ana ambiri. Kudula kanyama kolendewera kukhosi kwa asing'anga sikuchiza vutoli, ndipo kungathe kutayitsa magazi ndi kulowetsa matenda.

Inu amene mumayendera mabanja pa ntchito zaumoyo, mukapeza munthu yemwe BP yake sikutsika ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika, funsani mafunso atatu: kodi amaliza mkonono wamphamvu, kodi wina adamuonapo akusiya kupuma ali m'tulo, ndipo kodi amawodzera masana atangokhala pansi? Funsaninso mkazi kapena mwamuna wake. Ngati m'nyumbamo muli foni yojambula, kumujambula mphindi zingapo ali m'tulo, iye atavomera, kumathandiza dokotala kuona zenizeni. Mayankho akakhala oti inde, mulimbikitseni apite kuchipatala, ndipo ngati amayendetsa galimoto kapena njinga yamoto, muuzeni mosapita m'mbali kuti asagwire chiwongolero tulo tili m'maso. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Taft adakhala mkulu wa oweruza zaka zoposa 8. Chakumapeto mtima wake udafooka, mitsempha ya magazi idauma, ndipo adayamba kuiwala. Adatula pansi udindo pa 3 Febuluwale 1930, ndipo adamwalira pa 8 Malichi chaka chomwecho ali ndi zaka 72. Adaikidwa m'manda a asilikali a Arlington, ndipo adali pulezidenti woyamba kugona kumeneko. Kuchokera pomwe adachepetsa thupi mpaka imfa yake padapita zaka 17, ndipo m'zaka zimenezi ndimo adagwira ntchito imene amakumbukiridwa nayo bwino koposa. Iye adapeza mpumulo osadziwa dzina la chimene chinkamuvuta. Inu mukulidziwa. Usiku uno, wa m'nyumba mwanu akayamba kuliza mkonono, musafulumire kumugwedeza kapena kusamukira pabalaza. Mvetserani kaye ngati phokosolo likuduka, ndipo likaduka, werengani masekondi.